Galu wa uzimba, kampeni ya ukhansala ndi ana: nthawi tiigawa bwanji mpaka pa 7 Meyi?

NaBanda_Midlands
Moni nonse a pagulu. Ndithandizeni nzeru. Bambo a kunyumba kuno akuimira ukhansala pa wodi yathu kuno ku England pa chisankho cha pa 7 Meyi 2026, ndipo ine ndine ejenti wawo, woyang'anira kampeni ndi ndalama zake. Wodi ili ndi anthu ovota pafupifupi 6,000. Tili ndi galu wamkazi wa mtundu wa springer spaniel, wa miyezi 11, amene tikufuna adzayambe kuvumbulutsa mbalame zotchedwa pheasant ku uzimba wa mfuti nyengo ikadzatsegulidwa mu Okutobala. Ana alipo awiri, wamkulu akulemba ma SATs, mayeso omaliza pulayimale, sabata yotsatira chisankho. Apongozi tikukhala nawo, amamwa mankhwala a BP ndi shuga. Ine ndimagwira mashifiti atatu a usiku pa sabata. Lero ndi 16 Malichi. Mawu olimbikitsa ndalandira okwanira kutchalitchi. Ndikufuna mundiuze chimene chingadikire ndi chimene sichingadikire.

AnkoloAmabasi
Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Gulitsani galuyo amayi.

Mlenje_211
Galu asagulitsidwe. Pa zinthu zitatuzi iyeyo ndiye wofuna nthawi yochepa kwambiri, bola ikhale ya tsiku lililonse. Mphindi 10 m'mawa ndi mphindi 10 madzulo zimaposa maola awiri a Loweruka. Springer wa msinkhu umenewo akapitirira mphindi 15 mutu umachoka, ndipo zimene amaphunzira pamenepo ndi kukunyalanyazani.

Achemwali, kuyambira lero mpaka chisankho chitadutsa musamuphunzitse chatsopano chilichonse. Ingosungani zitatu zimene akuzidziwa kale: kuyenda pambali pa mwendo wanu, kukhala pansi wezulo ikalira kamodzi motalikitsa, ndi kubwera ikalira modukizadukiza. Chifukwa chake n'chakuti phunziro latsopano limafuna munthu wodekha, woona nthawi yeniyeni imene galu walakwitsa. Munthu wochokera ku shifiti ya usiku amachedwa kuona, amakalipa galu atachita kale chinthu china, ndiye galu sadziwa chimene walakwira.

Pa dummy, kathumba ka kanvasi kaja kolemera pafupifupi theka la kilogalamu, musapitirire kumutuma kawiri kapena katatu pa tsiku. Mukaponya kakhumi, kasanu ndi katatu mukatole nokha iye atakhala pansi akuonerera. Galu amene amatumidwa pa chilichonse chogwa amayamba kuganiza kuti chogwa chilichonse n'chake, ndipo ku uzimba galu wotero amathamangira mbalame alenje asanamalize kuwombera.

Chinthu chimodzi choti muleke lero lomwe: kumumasula kumunda kuti adzithamangira yekha inu muli pa foni kuyankha za kampeni. Springer akalawa kukoma kothamangitsa kalulu payekha, kumuchotsa khalidwe limenelo kumatenga miyezi.

Kalaliki_wa_Wodi
Za galu ndasiyira eni ake. Zimene sizingadikire ndi masiku a lamulo, ndipo lembani pa firiji ndi cholembera chofiira.

Mapepala oimira ayenera kufika kwa returning officer, mkulu woyendetsa chisankho, isanakwane 4 koloko masana Lachinayi pa 9 Epulo. Fomu yoimira, ya adiresi ya kunyumba ndi ya chivomerezo cha woimirayo zimaperekedwa pamanja, osati pa imelo. Ngati akuimira chipani pakufunikanso kalata ya chilolezo cha chipanicho. Osainira ndi awiri okha, woyambitsa ndi wothirira ndemanga, koma onse akhale olembetsedwa m'kaundula wa wodi yomweyo. Kale anali 10, anachepetsa mu 2023. Palibe ndalama ya chikole pa chisankho cha khonsolo. Pemphani ofesi ya zisankho ikuonereni mapepala pasadakhale, amatero mwaulere. Musadikire sabata yomaliza chifukwa Lachisanu Loyera ndi pa 3 Epulo, Lolemba la Pasaka pa 6, maofesi otseka. Akakupezerani cholakwika pa 9 masana mulibe nthawi yosaka wosainira wina.

Kulembetsa m'kaundula kutha Lolemba pa 20 Epulo. Kupempha voti ya pa positi kutha 5 koloko madzulo pa 21 Epulo. Voti yotuma munthu wina ndi Voter Authority Certificate, chiphaso chaulere cha amene alibe chitupa cha chithunzi, zitha 5 koloko pa 28 Epulo.

Tsono pali chimene anthu atsopano amaphonya. Mavoti a pa positi amafika m'makomo pafupifupi masabata awiri chisankho chisanachitike, ndipo ambiri amadzaza n'kubweza m'masiku ochepa. Kwa anthu amenewo chisankho si cha pa 7 Meyi, ndi cha kumapeto kwa Epulo. Woimira ali ndi ufulu wolandira kaundula wa wodi ndi mndandanda wa ovota pa positi mwaulere. Tengani mndandandawo, makomo amenewo ayambe ndiwo.

Chatsalira77
Dikirani kaye. Mmalawi angaimire ukhansala kuno? Ine ndimaona ngati kuvota komwe sitiloledwa.

Kalaliki_wa_Wodi
Timaloledwa achimwene. Nzika ya dziko la Commonwealth imene ili ndi chilolezo chokhala kuno, ngakhale cha kanthawi monga viza ya ntchito kapena ya sukulu, ikhoza kulembetsa n'kuvota. Malawi, Zambia ndi Mozambique zonse zili momwemo. A ku Zimbabwe nawonso amavota ngakhale dziko lawo linatuluka mu 2003, chifukwa lamulo la kuno silinawachotse pa mndandanda. Kuimira ndiye kosiyana: pamafunika chilolezo chokhala mpaka kalekale, kapena kukhala munthu wosafunika chilolezo. Wa viza ya zaka zitatu avote, koma asatenge fomu yoimira. Pa tsiku lovota pasipoti ya Malawi imalandiridwa ngati chitupa, ngakhale itatha ntchito, bola chithunzicho chikufanana nanu.

Mphwanga_Leeds
Bwanji osangophatikiza? Timapepala ta kampeni timafuna kuyenda, galu amafuna kuyenda. Mangani galu pa chingwe, chikwama paphewa, ola limodzi mwamaliza zonse ziwiri. Komanso azungu kuno amakonda agalu, munthu amene sakanakutsegulirani chitseko amatuluka kudzasisita galu.

Mlenje_211
Ayi ndithu, osati galu ameneyu. Pogawa timapepala munthu amaima, kukhota, kutsegula geti, kuwerama, kubwerera chammbuyo, maso ali pa manambala a nyumba. Galu amakhala akukoka chingwe uku ndi uko osadzudzulidwa kwa ola lathunthu. Mphindi 10 za m'mawa munamuphunzitsa kuti chingwe chikhale cholendewera, mphindi 60 za madzulo mwamuphunzitsa kuti kukoka n'kololedwa. Chipambane n'chiti? Ndiponso slip lead, chingwe chokoleka m'khosi chija, sichinapangidwire galu wokoka. Chimathina pakhosi ndipo galu amazolowera kuthinako mpaka kusiya kukumva.

Za kusisita nazonso. Galu wa miyezi 11 akamalumphira aliyense n'kulandira chikondi, mawa ku uzimba adzalumphira munthu wonyamula mfuti.

Nachisale_Timapepala
Ndikugwirizana ndi a Mlenje, koma pa chifukwa china. Kuseri kwa zitseko zambiri kuli agalu, ndipo akamva fungo la galu mnzawo pakhomo amalusa kuposa masiku onse. Ngozi yaikulu ya ntchito imeneyi ndi zala. Pali agalu amene sauwa, amangodikira chete pansi pa kabowo ka makalata. Musalowetse zala m'kabowoko. Tengani mthiko wakale wa kukhitchini, pindani kapepala kumapeto kwake, kankhani ndi mthikowo. Umathandizanso pa timabowo tokhala ndi maburashi olimba, timene timakwinya pepala. Kapepala kalowe konse, kakatsalira kunja kamauza akuba kuti panyumba palibe munthu, ndipo mwininyumba sadzakukhululukirani. Geti mukapeza lotseka, litsekeninso. Musadutse pa kapinga kupita nyumba yoyandikana.

Masamu ake ali chonchi. Ovota 6,000 ndi makomo cha m'ma 3,000. M'nyumba zogundizana munthu wozolowera amagawa 150 pa ola kapena kuposerapo, m'nyumba za mipanda italiitali mwina 60 basi. Titenge 100. Ulendo umodzi ndi maola 30, ndipo mukufuna maulendo atatu: woyamba tsopano, wachiwiri mavoti a pa positi asanafike, wachitatu sabata yomaliza. Maola 90 banja limodzi silingakwanitse. Anthu 10 aliyense makomo 300 ndi maola atatu pa ulendo. Ntchito ya ejenti ndi kupeza anthu 10 amenewo ndi kuwamangira mitolo, msewu uliwonse mtolo wake ndi mapu ake, osati kuyenda yekha. Royal Mail, positi ya kuno, sigawira oimira ukhansala mwaulere, mwayi umenewo ndi wa oimira uphungu.

Mphwanga_Leeds
Chabwino, koma labrador wa zaka zisanu wokhazikika sangavute. Musachite ngati ndi lamulo la Mose.

Mlenje_211
Wa zaka zisanu inde. Amene tikukamba pano mkaka sunaume pakamwa.

Mayi_a_Mapasa
Inu mwakamba za galu ndi za mavoti, apongozi ndi ana mwawaiwala. Achemwali, yambani ndi tulo. Tsiku lochokera ku shifiti ya usiku lisakhale ndi kampeni m'mawa. Galu atulutsidwe ndi bambo 6 koloko asanadzutse ana, inu mukafika gonani. Wotchi ikasintha pa 29 Malichi madzulo kuwala kukhalitsa, ndiye nthawi yabwino yogogoda m'makomo ndi kuyambira 5:30 mpaka 7:30 mkati mwa sabata, ndi Loweruka kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko. Wogogoda akhale bambo chifukwa anthu amafuna kuona nkhope ya woimirayo. Nthawi imeneyo inu muli ndi ana ndi mabuku a SATs, amene ayamba Lolemba pa 11 Meyi.

Mankhwala a apongozi: onani lero kuti mapilitsi atsala a masiku angati. Itanitsani pa NHS App, pulogalamu ya pa foni ya zipatala za boma, kutatsala masiku 10, osati atatu, chifukwa Pasaka imatseka sajale, kachipatala ka dokotala wanu, masiku anayi otsatizana mukaphatikiza Loweruka ndi Lamulungu, ndipo pa 4 Meyi palinso holide. Ngati ali m'kaundula apemphereni voti ya pa positi, ndi yanu yomwe, kuti pa 7 pasakhale ulendo wina.

Kuphika kukhale kwa Lamulungu mukaweruka kutchalitchi. Mphika waukulu wa nyemba, wina wa nyama, gawani m'makontena a chakudya cha tsiku limodzi, ikani mufiriza. Nsima yokha ndiyo yofuna kuphika pompopompo, mphindi 20. Zogula za kusitolo itanitsani pa intaneti kamodzi pa sabata, mndandanda womwewo, mungokatenga pobwera kusukulu.

Funsani kusukulu tsopano ngati pa 7 Meyi ikhale malo oponyera voti. Sukulu zina za pulayimale zimatseka tsiku limenelo, makolo n'kudzidzimuka kutatsala sabata.

Ndipo a kumudzi auzeni pasadakhale. Epulo ndi Meyi ndi nthawi ya fizi ya teremu yachitatu ndi yogula chimanga chikatsika mtengo pokolola. Tumizani zimene mwakonza kumayambiriro kwa Epulo, muwauze kuti foni muziyankha Lamulungu lokha mpaka chisankho chitatha.

AnkoloAmabasi
Koma abale. Kwathu galu wa uzimba amadya mkute ndi mafupa, sanaonepo wezulo, koma akalulu amabwera nawo. Kuno galu mpaka sukulu, mpaka kathumba ka kanvasi. Mawa mudzati akufuna yunifomu.

Gogo_Nkhwali
Ankolo, ntchito zake n'zosiyana. Galu wa kwathu ntchito yake ndi kuthamangitsa n'kugwira, ndipo akaluma mwamphamvu ndiye galu wabwino. Wa kuno akagwira mbalame yamoyo yosavulala walakwa. Springer amasaka pafupi ndi mwini wake, osapitirira mamita 15 kapena 20 kuti mbalame iuluke pamene mfuti ingafike. Ikangouluka iye akhale pansi. Ikagwa adikire mpaka atatumidwa, akaitenge ndi pakamwa pofewa osaphwanya nthiti, adzaipereke m'manja. Mukumupempha kuti chibadwa chake achigwiritse ntchito theka, theka alisiye. Pamenepo ndiye pamafunika sukuluyo.

Nyengo zake nazo ndi za lamulo: grouse kuyambira 12 Ogasiti mpaka 10 Disembala, partridge, nkhwali ya kunoyi, 1 Seputembala mpaka 1 Febuluwale, pheasant 1 Okutobala mpaka 1 Febuluwale. Ku England ndi Wales mbalame zimenezi siziwomberedwa Lamulungu ndi pa Khirisimasi.

Chatsalira77
Dzina lake ndani galuyo? Musandiuze kuti Bella. Mpatseni dzina lolankhula ngati kwathu, Adzaonaokha kapena Zilikwanu, oyandikana nawo amve uthenga kkkk.

Mlenje_211
Adzaonaokha mukamaliza kuitana galu ali kale kutsidya kwa mtsinje. Dzina likhale lalifupi, chifukwa ndi limene mumatumira galu pamene agalu ena atatu akhala pambali pake akudikira awo.

NaBanda_Midlands
Dzina ndi Tuwa, a Chatsalira pepani. Zikomo nonse, firiji yadzaza kale. A Mlenje, vuto lilipo kale: masabata awiri apitawa ndikaponya dummy akunyamuka ndisanamutume, ndipo wezulo yoimitsa akuimva akakhala pafupi pokha. Ana amamuponyera mpira kuseri kwa nyumba akaweruka kusukulu. Kodi n'chimenecho?

Mlenje_211
N'chimenecho. Mpira uliwonse umene wathamangira uli m'mwamba wafufuta phunziro lanu. Musawaletse ana kusewera naye, asintheni masewera: galu akhale m'nyumba, iwo akabise mpira m'maudzu, kenako amutulutse asake ndi mphuno. Mphuno ikukula, ana akusangalala, palibe chothamangira.

Kukonza kunyamukako chitani chonchi. Mukhazikeni pansi. Yendani mapazi asanu, mutembenuke kumuyang'ana. Ponyani dummy kumbuyo kwanu, kuti inu mukhale pakati pa iye ndi dummy. Akasuntha muli pa njira yake, mutchingeni. Katoleni nokha, bwererani, muyamikireni ali chikhalire. Masiku atatu oyamba asatumidwe n'kamodzi komwe. Tsiku lachinayi ponyani cham'mbali. Pakatha sabata imani pambali pake n'kuponya kutsogolo, werengani chamumtima mpaka 10 musanamutume, ndipo muzisinthasintha kuwerengako chifukwa agalu amaloweza nthawi. Mutumireni m'kanjira kopapatiza kapena m'mbali mwa mpanda kuti abwerere molunjika.

Wezulo yoimitsa bwererani nayo pachiyambi. Ali pa chingwe mukuyenda, lizani kamodzi, kwezani dzanja, akhale. Kenako wopanda chingwe pa mamita awiri, asanu, 10, kuwonjezera pokhapokha akakhoza kasanu motsatizana. Akanyalanyaza musalizenso. Kuliza kachiwiri kumamuphunzitsa kuti koyamba n'kongochenjeza. Pitani mukamutenge mwakachetechete, mubwezereni pamalo enieni pamene anali wezulo ikulira, lizani, akhale, dikirani, muyamikireni. Mbale ya chakudya ndi mphunzitsi waulere kawiri pa tsiku: wezulo, akhale, mbale pansi, adye mukamulola.

Wezulo ikhale ya nambala imodzi panyumba ponse. Ambiri a ma spaniel amagwiritsa Acme 210.5, a ma labrador 211.5. Gulani ziwiri zofanana, ina ya bambo, kuti ikatayika imodzi mawu asasinthe.

Dona_wa_Cocker
Zambiri ndavomera, koma zomutenga galu kumubwezera pamalo zimafuna munthu wosapsa mtima. Munthu wotopa amamukoka ndi ukali, ndipo springer wamkazi wofewa mtima amayamba kuthawa mwini wake akamayandikira. Pamenepo mwataya ndi kubwera komwe. Kwa masabata asanu ndi awiri amenewa njira yosavuta ndi thabwa lokhalapo, lotalika pang'ono kuposa galuyo, lokwera masentimita ochepa, lokutidwa ndi kapeti. Galu amamva ndi mapazi pamene malire ali, ndiye akatsika amadziwa yekha kuti wasuntha. Akakhala chikhalire mpatseni kachidutswa ka chakudya chake chomwecho. Kumunda mumangeni chingwe chachitali cha mamita 10 pa hanesi, lamba wa pachifuwa, osati pakhosi, chizikhwekhwereka pansi. Akafuna kunyamuka mungochiponda.

Mlenje_211
Thabwalo ndilibe nalo mlandu, limagwira ntchito. Chakudya m'thumba ndicho ndimakayika pa kutola, chifukwa galu amalavula dummy msanga kuti alandire chakudyacho.

Dona_wa_Cocker
Ndiye musapereke pa kutola. Perekani pa kukhala. Kutola ndi malipiro pakokha.

Vetenale_Wopuma
Popeza ndi Malichi, onjezani izi. Kuyambira 1 Malichi mpaka 31 Julayi, pa malo otseguka amene lamulo la Countryside and Rights of Way la 2000 limalola anthu kuyendamo, galu akhale pa chingwe chosapitirira mamita awiri chifukwa mbalame zikuikira mazira pansi. Pafupi ndi ziweto ndi chaka chonse. Ino ndi nthawi imene nkhosa zikuswa, ndipo nkhosa ya bere ikathamangitsidwa imataya mwana ngakhale galu asailume. Phunzitsirani pa bwalo la udzu waufupi kapena m'munda umene mwini wake wakulolani.

Nkhupakupa zayamba. Mukabwera kutchire papasani m'makutu, m'khwapa ndi pakati pa zala, chotsani ndi kachitsulo kopotokola, osati kufinya kapena kuwotcha. Mphiri za kuno zimatuluka kuwothera dzuwa nyengo yomweyi, galu akalumidwa munyamuleni asayende, thamangirani kuchipatala cha ziweto. Pa Pasaka bisani chokoleti ndi mabanzi a mphesa zouma, zonsezo ndi poizoni kwa galu. Asadye chakudya chambiri kutatsala ola kuti athamange.

China, wa miyezi 11 ngati sanayambe nyengo yake yofuna amuna, ikhoza kubwera mkati mwa kampeni. Imatenga pafupifupi masabata atatu. Nthawi imeneyo ena amaiwala zonse zimene anaphunzira, musadabwe, ndipo asamasulidwe pagulu. M'galimoto akhale m'kreti kapena womangidwa, ndi lamulo 57 la Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, ndipo musamusiye m'galimoto pamene mukugogoda m'makomo. Dzuwa la Meyi limaoneka lofatsa koma galimoto yotseka imatentha msanga.

AnkoloAmabasi
Tsono kampeni yopanda nsima ndi kampeni? Phikani mpunga ndi nkhuku ku holo, itanani wodi yonse, mavoti abwera okha. Ma T-shirt ndi zitenje ndikhoza kuthandiza kunyamula.

Kalaliki_wa_Wodi
Ankolo mukufuna kumangitsa achemwali athu. Kupatsa ovota chakudya, chakumwa kapena zisangalalo ndi cholinga chokopa voti yawo ndi mlandu pansi pa Representation of the People Act ya 1983, ndipo wopambana akhoza kulandidwa mpando. Kwathunso lamulo la zipani la 2018 linaletsa zogawagawa, kungoti kaya. Tiyi ndi mabisiketi kwa anthu 10 ogawa timapepala aja si vuto. Phwando la wodi yonse ndiye ayi.

Ndalama zili ndi malire: £960 kuphatikiza mapeni 8 (£0.08) pa wovota aliyense wa m'kaundula. Pa 6,000 ndi £1,440. Ngati wodi ili ndi mipando iwiri ndipo akuyendera limodzi ndi mnzawo, malire a aliyense amatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuwerengera kumayamba kumapeto kwa Malichi kuno, koma timapepala tosindikizidwa kale tikagawidwa mkati mwa nthawiyo timawerengedwa. Munthu akakusindikizirani mwaulere kapena motchipa kwambiri, mtengo wake weniweni umalowanso m'buku. Thandizo loposa £50 lichokere kwa munthu wololedwa, monga amene ali m'kaundula wa ovota kuno. Achimwene a ku Johannesburg kapena ku Lilongwe akafuna kutumiza £200 ya kampeni, thokozani n'kukana. Sungani malisiti mu envelopu imodzi, chifukwa lipoti la ndalama liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 35 zotsatira zitalengezedwa, mupambane kapena mugonje, ndipo wosaina ndinu ejenti.

Kapepala kalikonse kakhale ndi imprint: dzina ndi adiresi ya wosindikiza, ya wofalitsa ndi ya woimirayo. Kuyambira Novembala 2023 zofalitsa za pa intaneti monga pa Facebook zimafunanso imprint. Onani musanatumize kosindikiza. Timapepala 3,000 topanda imprint ndi toyatsira moto.

Nachisale_Timapepala
Onjezani za mavoti a pa positi, chifukwa ife timakonda kuthandiza. Gogo wina akati mwanawe ndiponyere envelopu iyi, kanani mwaulemu. Wochita kampeni saloledwa kugwira voti ya pa positi ya munthu wina kupatula ya wachibale wapafupi kapena munthu amene amamusamala. Ya apongozi a m'nyumba mwanu funsani ofesi ya zisankho musanaigwire, kapena aponye okha pa bokosi lofiira poyenda madzulo. Komanso mavoti a pa positi masiku ano amatha pakapita zaka zitatu, ndipo ambiri akale anatha pa 31 Januwale 2026 ngati eni ake sanapemphenso. Mukamagogoda funsani achikulire ngati anapemphanso. Kaundula musamusiye pa mpando wa galimoto, ndi wa ntchito ya chisankho yokha.

NaBanda_Midlands
Tsiku lenilenilo nanga? Ndapempha kale tchuthi pa 6, 7 ndi 8.

Kalaliki_wa_Wodi
Malo oponyera voti amatsegula 7 koloko m'mawa, kutseka 10 koloko usiku. Amene ali pa mzere 10 koloko ikamakwana amavota. M'mamawa ena amagawa kapepala komaliza kokumbutsa, mwakachetechete, osaliza mageti. Ngati muli ndi anthu okwanira ikani mmodzi panja pa khomo azipempha manambala a pa makadi a ovota, kuti mudziwe amene wavota kale. Alibe mphamvu yokakamiza, munthu akakana amusiye, ndipo asakambe za kampeni pamenepo. Ngati anthu ndi ochepa siyani zimenezo, onse apite kukagogoda kwa amene analonjeza voti, makamaka kuyambira 4 koloko mpaka 8 koloko. Akumbutseni chitupa, ambiri amabwezedwa pa chimenecho ndipo ena sabwereranso. Funsani msanga ngati kuwerenga kuli usiku womwewo kapena Lachisanu, makhonsolo amasiyana, ndipo mayina a okaonerera kuwerenga amaperekedwa pasadakhale. Mavoti akafanana amachita mayere.

Dona_wa_Cocker
Galu tsiku limenelo apite kwa munthu wina kuyambira pa 6 madzulo, ndi kreti yake ndi chakudya choyezeratu. Mumuuze munthuyo zinthu ziwiri: chingwe chisachoke, ndipo asaponye kanthu. M'malo oponyera voti amalola agalu othandiza olumala, enawo nthawi zambiri amatsala panja, ndipo springer womangidwa pa mpanda yekha ndi wosavuta kuba.

Chatsalira77
Nanga mfuti adzaizolowera liti ngati zonse zaimitsidwa mpaka Meyi? Okutobala si kutali.

Gogo_Nkhwali
Pakati pa Meyi ndi nthawi yabwino. Pamafunika anthu awiri: wina aime pa mamita 100 ndi kamfuti ka zipolopolo zopanda kanthu, aombe pamene galu watanganidwa ndi chinthu chomukondweretsa. Akangotukula makutu n'kupitiriza, mawa lake fupikitsani ndi mamita 10 kapena 20. Akapinda mchira bwererani kutali. Galu woopsezedwa ndi mfuti tsiku loyamba amavuta kuchira, ndiye si ntchito yochita mothamanga pakati pa timapepala.

Koma achemwali, Okutobala muchotseni m'mutu. Adzakhala ndi miyezi 18. Kumayambiriro kwa nyengo mbalame zimakhala zambiri, zosachenjera, zikuyenda pansi pamphuno pa galu, ndipo agalu aang'ono ambiri amaonongekera pamenepo. Masiku oyamba apite pa chingwe, angoona ndi kumva. Mudzamumasule cha mu Disembala kapena Januwale mbalame zitachepa, pa kachigawo kamodzi, kenako chingwe. M'chilimwe mulowetseni m'kalabu ya agalu a uzimba ya m'dera lanu, akazolowere kukhala chete agalu ena akutumidwa.

NaBanda_Midlands
Ndiye Disembala. Ndaimbira ofesi ya zisankho, atipatsa Lachiwiri pa 31 Malichi kuti akaone mapepala. Mpira ndabisa pamwamba pa kabati. Anthu ogawa ndapeza anayi, atsala asanu ndi mmodzi. Ankolo, Loweruka muli pa basi?

AnkoloAmabasi
Ndikuweruka 12 koloko. Ndipatseni misewu ya nyumba zogundizana, mawondo anga sagwirizana ndi mageti. Mthiko ndibwera ndi wanga.